Ndili ndi PCOS ndipo mwana wachiwiri sakubwera

Funso: "Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Lilongwe. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 6. Mimba yake inavuta, tinadikira pafupifupi zaka ziwiri, koma inabwera yokha popanda mankhwala. Ndinabereka pa opareshoni, bala linachita mafinya mpaka ndinagonekedwanso sabata imodzi. Nditachira ndinayamba kubayitsa jakisoni wolera. Ndinasiya zaka ziwiri zapitazo koma mpaka lero kuli zii. Kumwezi ndimapita pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndanenepa kuchoka pa makilogalamu 68 kufika pa 84, ndipo pachibwano payamba kumera tsitsi. Atandiunika pa sikani anati ndili ndi PCOS. Mnzanga anandigulira mapiritsi othandiza kutulutsa mazira otchedwa clomiphene ku famase, ndamwa maulendo atatu koma palibe chachitika. Abambo akunyumba akukana kukayezetsa, akuti mwana tili nayeyu ndiye umboni. Apongozi nawo ayamba kuyankhula zambiri. Kodi ndidzaberekanso?"

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa chofotokoza mosabisa mawu. Zambiri zomwe ndikanakufunsani tikanakhala pansi maso ndi maso mwazinena kale. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi lomwe likukusowetsani tulo. Pa zinthu zonse zomwe zimachedwetsa mimba, PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kutuluka kwa mazira, ili m'gulu la zomwe timazigonjetsa kawirikawiri. Mazira muli nawo, mwinanso ochuluka kuposa anzanu a msinkhu wanu. Chovuta n'chakuti sakukhwima n'kutuluka mwezi ndi mwezi, ndipo mankhwala othandiza pamenepo alipo, ena osaboola m'thumba. Choncho musadzitche chumba. Koma ndikuuzirenitu kuti m'kalata mwanu muli zinthu ziwiri zomwe zandiimitsa kuposa PCOS yeniyeniyo: bala lomwe linachita mafinya lija, ndi abambo omwe akukana kuyezetsa. Tifikako.

Timvetsetsane kaye za matendawa, chifukwa amaopsa anthu kuposa momwe alili. Amayi ambiri akachoka ku sikani amabwera akunjenjemera, amvekere andipeza ndi zotupa m'mabasiketi a mazira, ena mpaka kufunsa tsiku la opareshoni. Si zotupa zimenezo ayi. Mwezi uliwonse m'basiketi mumayamba kukula timatumba tingapo, kalikonse kali ndi dzira m'kati mwake. Zonse zikamayenda bwino, kathumba kamodzi kamaposa tinzake, kamakula, kamaphulika, dzira n'kulowa m'chubu kukadikira mbewu ya abambo. Mwa mayi wa PCOS timatumbati timanyamuka koma timaima panjira, palibe kotsogola, ndiye pa sikani timaoneka titandanda m'mphepete mwa basiketi ngati mkanda. Dzira likapanda kutuluka, msambo nawo umasowa woulamula. N'chifukwa chake inu mukudikira miyezi iwiri, itatu. Taganizirani: mnzanu wosamba mwezi uliwonse ali ndi mwayi pafupifupi ka 12 pa chaka, pomwe inu muli nawo mwina kanayi, ndipo mwa kanayi komweko si nthawi zonse pomwe dzira limakhala litatulukadi.

Vutoli si lachilendo kapena la azungu. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analifotokoza mu 1935, ndipo mu 2025 bungwe la WHO linati limagwira amayi 6 mpaka 13 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka, ambiri a iwo osadziwa n'komwe. Kuti tinene kuti mayi ali nalo timatsatira mfundo zomwe akatswiri anagwirizana ku Rotterdam mu 2003: pakhale ziwiri mwa zizindikiro zitatu, zomwe ndi msambo wodumphadumpha, kuchuluka kwa mahomoni achimuna komwe kumaonekera pa ndevu ndi ziphuphu, ndi maonekedwe aja a pa sikani. Sikani yokha siyokwanira, ndipo ndaona atsikana ambiri osamba bwinobwino atapatsidwa dzina la matendawa chifukwa cha chithunzi chabe. Inu muli nazo zonse zitatu, choncho sindikukayika. Ngakhale zili choncho, pemphani akuyezeni magazi kuona momwe chithokomiro chikugwirira ntchito komanso homoni yopangitsa mkaka yotchedwa prolactin. Ziwirizi zikasokonekera zimaimitsa msambo mofanana ndi PCOS, koma mankhwala ake ndi ena.

Mungafunse kuti nanga bwanji woyamba anabwera yekha. Thupi lomwe linatenga mimba zaka 7 zapitazo si lomwe muli nalo lero. Nthawi imeneyo munali ndi zaka za m'ma 20 ndipo sikelo inkaloza 68. PCOS inalipo kale, umboni wake ndi zaka ziwiri munadikira zija, koma dzira linkatuluka mwa apo ndi apo mpaka tsiku lina zinakumana. Makilogalamu 16 omwe awonjezekawa ndi omwe akoleza moto. Amayi ambiri a PCOS thupi lawo silimvera bwino insulini, homoni yomwe imalowetsa shuga m'minofu. Thupi likaona choncho limapanga insulini yochuluka, insulini yochulukayo imakankha mabasiketi kupanga mahomoni achimuna, ndipo mahomoni amenewo ndi omwe amaimitsa timatumba tija panjira n'kumeretsa tsitsi pachibwano. Kunenepa kumawonjezera kusamvera insulini, kusamvera insulini kumawonjezera kunenepa. Tadziyang'anani pagalasi kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Ngati khungu lada n'kukhuthala ngati litsiro losachoka posamba, chimenecho ndi chizindikiro cha insulini yochuluka.

Za jakisoni wolera chotsani nkhawa. Ndikudziwa kuti ndi amene amayamba kulozedwa chala, makamaka ndi apongozi. Ndi zoona kuti Depo amachedwetsa kubwerera kwa chonde, kwa ambiri pafupifupi miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena kupitirira chaka, koma saumitsa chiberekero. Zaka ziwiri zadutsa, mankhwalawo anatha kalekale m'thupi mwanu.

Tsopano bala lija. Kuno kwathu, mayi yemwe anaberekapo akamalephera kutenganso mimba, chinthu choyamba chomwe timachikayikira ndi machubu. Machubu ndi tinjira topyapyala kwambiri, tosachedwa kuwonongeka. Matenda akalowa m'chiuno pambuyo pobereka, pambuyo popita padera, pambuyo popalidwa m'chiberekero, kapena kudzera mu chinzonono ndi chlamydia yemwe nthawi zambiri samveka kupweteka, amasiya zipsera zomwe zimatseka chubu kapena kulimata ku ziwalo zina. Kwa omwe anakulira m'mbali mwa nyanja, ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi, likodzo nalo limatha kufika m'njira zoberekera. N'kutheka kuti mafinya anu anali a pakhungu pokha, osafika m'kati, ndipo kawirikawiri zimakhaladi choncho. Koma pa zaka 34 sindingafune kuti mumwe mapiritsi miyezi 6 kenako n'kuzindikira kuti mazira ankatuluka koma njira inali yotseka. Mayi wina wopanda mbiri ngati yanu ndikhoza kumuyambitsa mankhwala n'kudzayeza machubu pambuyo pake. Inu ndingayambe ndi machubu.

Kuyeza kwake timakutcha HSG. Amalowetsa madzi apadera kudzera pakhomo la chiberekero n'kujambula ekisire kuona ngati madziwo akudutsa m'machubu onse awiri. Zimachitika magazi a msambo akangotha, masiku 10 oyambirira asanadutse, kuopa kusokoneza mimba yomwe yangoyamba. Sindikunamizani kuti sikupweteka. Kumapota m'mimba ngati msambo wowawa, kwa mphindi zochepa, ndipo kumwa mankhwala opha ululu ola limodzi musanalowe kumathandiza. Chubu limodzi likapezeka lotseguka bwino, mimba imatheka ndithu. Chithunzi chomwecho chimaonetsanso ngati m'kati mwa chiberekero muli zipsera.

Nkhani ya abambo ndi yomwe imandithera mawu kwambiri pa ntchito yangayi. Pa mabanja omwe akuvutika kupeza mphatso, pafupifupi theka abambo amakhala ndi gawo pa vutolo, okha kapena pamodzi ndi mayi. Mwana wa zaka 6 ndi umboni wakuti mbewu inali bwino zaka 7 zapitazo, basi. Mbewu ya abambo siisungidwa m'nkhokwe, imapangidwa yatsopano nthawi zonse, ndipo gulu lililonse limatenga masiku pafupifupi 74 kuti likhwime. M'zaka 7 mutha kuchitika zambiri: matenda opatsirana pogonana omwe anachizidwa mochedwa, matsagwidi otsikira kumusi, mitsempha yotupa m'thumba la machende, shuga, fodya, mowa wa tsiku ndi tsiku, kunenepa, ngakhalenso majakisoni a testosterone omwe anyamata ena onyamula zitsulo amabaya, omwe amachepetsa mbewu kwambiri. Chomwe abambo ambiri samachidziwa n'chakuti mphamvu za kuchipinda ndi mbewu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala katswiri pamphasa, umuna n'kumatuluka wambiri, koma m'kati mwake mbewu zili zochepa kapena zofooka. Ndi maso simungaone, pamafunika makina a ku labotale.

Ndimakumbukira mayi wina yemwe anamwa clomiphene pafupifupi chaka chathunthu, akudzigulira yekha, kwinaku akutukwanidwa ndi azilamu ake. Tsiku lomwe amuna ake anavomera kuyezetsa tinapeza kuti mbewu zinali zochepa zedi. Chaka chonse chija chinangopita m'madzi, pamodzi ndi ndalama ndi misozi yake.

Abambo akamakana, si kuuma mtima kokha ayi, ambiri ndi mantha. Amaopa kunenedwa kuti anagwa mu mpapaya. Choncho musawafikire ngati mukuwaimba mlandu. Auzeni kuti adokotala akana kupereka mankhwala mpaka onse awiri ataonedwa, ndipo simukunama, chifukwa dokotala wosamala amaterodi. Mwa zoyeza zonse zomwe banja lingadutsemo, ya abambo ndi yomwe ili yophweka: palibe singano, palibe ululu. Amadziletsa kugonana masiku awiri mpaka 7, n'kupereka umuna m'kabotolo ka ku labotale, ndipo ukatengedwera kunyumba ufike pasanathe ola limodzi usanazizidwe. Zotsatira zikatuluka zosasangalatsa timabwereza pakatha miyezi itatu tisanagamule kanthu, chifukwa ngakhale malungo otentha thupi kwambiri amatha kugwetsa chiwerengero kwa kanthawi. Zikavuta kuti amve kwa inu, abwere adzamve kwa dokotala wachimuna ali okha. Ambiri amafewa akamva kuti zotsatira ndi chinsinsi chawo.

Tibwere ku clomiphene mwamwayo. Mnzanuyo anali ndi mtima wabwino, ndipo mankhwalawo ndi enieni, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1960. Koma siyani kumwa panokha. Mwamwa maulendo atatu popanda wina woona ngati dzira linatuluka. Ngati silinatuluke, ndiye kuti mlingo unali wochepa kapena thupi lanu siliwamvera. Ngati linatuluka koma mimba osabwera, ndiye funso labwerera ku machubu ndi kwa abambo. Panopa sitikudziwa kuti mwa ziwirizi chinachitika n'chiti, ndipo maulendo atatu apita pa 6 omwe timalola. Clomiphene akamwedwa nthawi yayitali amatha kupyapyalitsa khoma la m'kati mwa chiberekero, malo omwe mwana ayenera kumera, komanso kuumitsa chikazi choterera chomwe mbewu zimasambiramo. Amabweretsanso mapasa pa mimba 5 mpaka 10 mwa 100. Ndikudziwa kuti mukamva za mapasa mukumwetulira, koma pa chiberekero chomwe chili ndi chipsera cha opareshoni, mwa mayi yemwe ali kale pachiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi, mapasa si nkhani yoseketsa.

Masiku ano mankhwala omwe timayambira kwa mayi wa PCOS ndi letrozole. Kafukufuku wamkulu wa ku America yemwe anasindikizidwa mu 2014 mu New England Journal of Medicine anayerekeza mankhwala awiriwa pa amayi 750 a PCOS. Mwa omwe anamwa letrozole, 27.5 pa 100 anabereka mwana wamoyo, pomwe mwa omwe anamwa clomiphene anali 19.1 pa 100, pa maulendo osapitirira asanu. Kusiyanaku kunaoneka kwambiri mwa amayi onenepa. Malangizo a dziko lonse lapansi a PCOS a mu 2023, omwe anatsogoleredwa ndi Monash University ya ku Australia, amaika letrozole patsogolo. Ziwerengerozi muziwerenge modekha: zikusonyezanso kuti si aliyense amene amatenga mimba m'miyezi yoyambirira, ngakhale mankhwala ali abwino.

Chenjezo limodzi loti musadzadzidzimuke. Mukadzatsegula bokosi la letrozole, kapepala ka m'kati kadzanena za khansa ya m'mawere, chifukwa ndi ntchito yomwe anapangidwira poyamba. Ndalandirapo mafoni usiku kuchokera kwa amayi akulira kuti adokotala mwandibisira khansa. Ayi. Mankhwalawa amatsitsa homoni ya estrogen kwa masiku ochepa, ubongo n'kuganiza kuti mabasiketi agona, n'kutumiza lamulo lamphamvu loti kathumba kamodzi kakule. Timayamba ndi piritsi la mamiligalamu 2.5 tsiku lililonse kwa masiku asanu, kuyambira tsiku lachitatu la msambo, madokotala ena lachiwiri. Dzira likapanda kutuluka timakweza kufika pa 5, kenako 7.5. Poti inu msambo umachedwa, adzayamba akuyezani mimba, ndipo ikapezeka kuti palibe angakupatseni mapiritsi a progesterone a masiku angapo kuti msambo ubwere, muyambire pamenepo. Chofunika kwambiri ndi kulondola: sikani cha pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 kuona ngati pali kathumba komwe kakufika mamilimita 18 kapena 20, kapena kuyeza progesterone m'magazi patatha sabata dzira litatuluka. Ndalama zikakhala zopereŵera, chitani zimenezi mwezi woyamba ndi mwezi uliwonse womwe mlingo wasintha. Dokotala wongokulemberani mapiritsi a miyezi 6 n'kukuuzani kuti mudzabwere mukaima, ameneyo sanakuthandizeni mokwanira.

Mwina mudzamvanso za metformin, mankhwala a matenda a shuga. Payekha alibe mphamvu yotulutsa dzira ngati letrozole, koma amathandiza thupi kumvera insulini, ndipo kwa ena amathandiza clomiphene yemwe amakana kugwira. Timayamba ndi mamiligalamu 500 pa chakudya n'kumakweza pang'onopang'ono, chifukwa masabata oyamba amatsegula m'mimba ndi kuchititsa nseru. Musanatenge mimba yezetsani shuga, makamaka kuyeza kuja komwe mumapita osadya, n'kumwa madzi a shuga wa magalamu 75, n'kuyezedwanso pakatha maola awiri. Shuga wokwera m'masabata oyamba a mimba amatha kuwononga kapangidwe ka mwana, ndiye ndi bwino kumudziwa lero. Yezetsaninso BP, ndipo yambani kumwa folic acid tsopano lino, osadikira kuyamba sikelo ya amayi oyembekezera.

Za kuchepetsa thupi ndiyankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti mayi wa PCOS amanenepa ngakhale akudya zofanana ndi anzake, ndipo alipo ena owonda omwe ali ndi vuto lomweli. Si ulesi. Sindikukupemphani kuti mubwerere pa 68. Kutsitsa 5 mpaka 10 pa 100 ya kulemera kwanu, kwa inu ndi makilogalamu 4 mpaka 8, kumakwanira kubweza msambo mwa amayi ambiri, ndipo mankhwala amagwira bwino pa thupi lotero. Poyambira ndi pa zakumwa, chifukwa shuga wakumwa salemera m'mimba: tiyi wa masupuni atatu, Sobo, Fanta, thobwa lothira shuga wambiri. Kenako mandasi, masikono ndi chipisi cha pachiwaya. Nsima musasiye, ndikanakuuzani zimenezo mukanangotseka kalatayi. Bwererani ku mgaiwa, ndipo pomwe mumadya mitanda itatu idyani iwiri kapena umodzi ndi theka, mbale idzaze ndi ndiwo: nyemba, nandolo, usipa, mazira, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere. Yendani ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, kuyenda kotulutsa thukuta. Tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa WhatsApp musiyeni, ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba.

Koma pali msampha pamenepa. Mayi wa zaka 25 ndikhoza kumuuza kuti atenge miyezi 6 akulimbana ndi sikelo kaye. Inu muli ndi 34, ndipo kuyambira cha pa 35 mphamvu ya mazira imayamba kutsika mofulumirako. Musalole kubwezedwa ndi mawu akuti mukaonde kaye kenako mudzabwere chaka chamawa. Miyezi iwiri kapena itatu yomwe mukhale mukuyezetsa machubu, magazi ndi abambo, ndi yomweyo yoyambira kusintha kadyedwe. Zonse ziyendere limodzi.

Pa nkhani ya masiku okhalira pamodzi, mapulogalamu a pafoni owerengera masiku sakuthandizani, chifukwa amaganiza kuti mumasamba pa masiku 28 aliwonse. Timitengo toyezera mkodzo kuona ngati dzira latsala pang'ono kutuluka natonso timanamiza amayi ena a PCOS, popeza homoni yomwe timayeza imakhala yokwera kale. Njira yosavuta ndi kukhalira pamodzi pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, msambo ukangotha mpaka wina. Mbewu imakhala ndi moyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku asanu, pomwe dzira silipitirira tsiku limodzi, ndiye ndi bwino dzira lipeze mbewu ikudikira kale. Kuimika miyendo kukhoma kulibe ntchito. Ndipo musasandutse kuchipinda kukhala ngati kuganyu, abambo ambiri amafooka akamauzidwa kuti lero ndi lero.

Mukamwa letrozole maulendo 6 dzira likutuluka koma mimba osabwera, kapena mwafika pa 7.5 dzira osatuluka, si nthawi yowonjezera mapiritsi, ndi nthawi yosintha njira. Pali majakisoni a mahomoni okulitsa mazira, amphamvu, odula, ofuna sikani pafupipafupi, chifukwa mabasiketi a PCOS akadzuka amatha kudzuka onse nthawi imodzi. Pali opareshoni yaying'ono yolowetsa kamera pamchombo n'kuboola timabowo tochepa pa basiketi, yomwe imathandiza ena kuyamba kutulutsa mazira okha, ndipo ubwino wake kwa inu ndi wakuti dokotala amaoneratu machubu ndi zipsera za opareshoni ija. Pali kuthira mbewu yotsukidwa m'chiberekero, ngati ya abambo yachepa pang'ono. Pomalizira pali IVF, yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labotale, yomwe mwana wake woyamba, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978. Machubu onse akapezeka otsekeka, IVF ndiyo njira yeniyeni, ndipo mapiritsi sangathandize. Ndi yodula kwambiri, ena amakaipezera ku South Africa kapena ku India, ndipo siilonjeza mwana pa ulendo woyamba. Chotonthoza n'chakuti amayi a PCOS amapereka mazira ambiri pa IVF, komanso ambiri safika n'komwe kumeneko.

Mapemphero sindilimbana nawo, pempherani ndithu uku mukuyenda kuchipatala. Chomwe ndimakana ndi kuika zitsamba kapena mankhwala alionse kumaliseche pofuna kutsuka chiberekero, chifukwa ndi njira imodzi yolowetsera matenda omwe amatseka machubu aja. Zakumwa za asing'anga zosadziwika mlingo nazo zimatha kupweteka chiwindi ndi impso, kapena mimba yomwe yangoyamba inu musanadziwe. Ngati mukumwa china chake muuzeni dokotala, sakukalipirani. Za inositol yemwe akutchuka pa Facebook, savulaza kwenikweni, koma umboni wakuti amabweretsa mwana ndi wofooka. Ndalama imeneyo ikanakhala yanga ndikanalipirira HSG.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kugona nazo. Mukamamwa clomiphene n'kuyamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena timagetsi tothwanima m'maso, siyani tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala. Mimba ikatupa mofulumira, kupweteka kwambiri, kusanza, kupuma mobanika kapena mkodzo kuchepa muli pa mankhwala okulitsa mazira, makamaka majakisoni, thamangirani kuchipatala usiku womwewo. Mukapezeka ndi mimba n'kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi, chizungulire kapena kupweteka pansonga pa phewa, imeneyo ikhoza kukhala mimba yomera m'chubu, ndipo imapha ikaphulika. Ndi mbiri yanu ya mafinya, mukangoima pemphani sikani pa sabata ya 6 kapena 7 kuti tione pomwe mwana wakhala. Kenako muyambe sikelo msanga, adzakuyezeni shuga pakati pa sabata ya 24 ndi 28, BP aziiona pafupipafupi, ndipo mudzachilire ku chipatala chomwe chili ndi fiyeta.

China chomwe ambiri sauzidwa: ngakhale mutasiya kufuna mwana, musamakhale masiku opitirira 90 osasamba. Khoma la chiberekero likamangokula osakhetsedwa kwa zaka, chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero chimakwera. Mapiritsi a progesterone a masiku ochepa amathetsa zimenezi.

Za apongozi ndilibe piritsi. Ululu wosowa mwana wachiwiri anthu amaupeputsa, amati mwana ulinaye, ukudandaula chiyani, pomwe omwewo mawa akufunsa kuti kodi mwanayu alibe mng'ono wake. Ndiye mumapezeka mukulira mobisa, mukudziimbanso mlandu kuti simukuyamika. Kufuna wina sikutanthauza kuti woyambayo sakukwanirani. Dziwaninso kuti amayi a PCOS amagwidwa ndi nkhawa ndi matenda a maganizo kuposa anzawo, choncho mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikukoma, simukufunanso kuonana ndi anthu kwa masabata angapo, nenani kuchipatala monga momwe munganenere mutu. Woyankha apongozi akhale mwana wawo, osati inu. Mawu amodzi ochokera kwa iye akuti "Amayi, nkhaniyi tikuyendera limodzi kuchipatala, tisiyireni" amatseka pakamwa kuposa mawu anu 100. Zikakula, ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi.

Poti muli ku Lilongwe, pemphani kalata ku chipatala chanu chaching'ono yokutumizani ku kiliniki ya matenda a amayi ku Kamuzu Central Hospital, kapena pitani kwa dokotala wa amayi wa pulayiveti ngati mungakwanitse. Owerenga a kummwera ndi kumpoto, makiliniki otere ali ku Queen Elizabeth, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Mwadikira kale zaka ziwiri, pomwe mayi wa msambo wodumphadumpha sayenera kudikira ngakhale chaka chimodzi chomwe timauza ena. Popita tengani buku lanu lakuchipatala lomwe munalembedwa za opareshoni ija, pepala la sikani, bokosi la clomiphene kuti aone mlingo womwe munamwa, ndi kapepala kolemba masiku omwe munayamba kusamba m'chaka chathachi, ngakhale ongokumbukira. Musankhe tsiku lomwe abambo sali kuntchito.